Makalata a Omvera: Kodi Demokalase Ikutipindulira Chiyani?

Takulandirani, omvera athu, ku pologalamu ya makalata anu kuchokera kuno ku Lilongwe. Sabata yatha tidakufunsani ngati ulamuliro wa demokalase uli ndi tsogolo kuno kwathu ndiponso m'maiko ena, ndipo mwa makalata amene mwatitumizira ndasankhapo atatu. Monga mwa chizolowezi chathu pa nkhani zandale, ndizitchula dera lokha, osati dzina la wolemba.

Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Chinsapo amene amachita kabaza wa njinga yamoto. Iye walemba motere:

"Bambo muulutsi, ine ndidabadwa m'chaka cha 1999, choncho za chipani chimodzi ndimangozimvera kwa makolo. Satifiketi yanga ya MSCE ili m'sutikesi, ndipo ntchito ndidaisaka zaka zinayi osaipeza. Ndavota katatu, mu 2019, mu 2020 ndi mu 2025, ulendo uliwonse ndikulawirira m'bandakucha, koma mzere umene ndaimapo kwambiri pa moyo wanga ndi wa petulo. Pa siteji pathu timaonera pa foni makanema a Captain Ibrahim Traoré wa ku Burkina Faso, ndipo anzanga amati dziko lino likufunika msilikali ngati ameneyu chifukwa andale amangosinthana mipando. Demokalase si ndiwo yoti tingadyere nsima. Kodi tikulakwitsa kuganiza choncho?"

Achimwene, zikomo chifukwa cholemba mosabisa mawu. Sindikutsutsani pa za ululu wanu, pakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo munthu wa kabaza amene wagona pamalo omwetsera mafuta usiku wonse safuna katswiri womufotokozera tanthauzo la zimenezi. Maganizo a pa siteji panu afalanso m'maiko ambiri, ndipo n'chifukwa chake anthu ena adavina m'misewu pamene asilikali adalanda boma ku Mali mu 2020, ku Guinea mu 2021, ku Burkina Faso mu 2022, ndiponso ku Niger ndi ku Gabon mu 2023. Ine ndimakhulupirira kuti mdani wamkulu wa demokalase masiku ano ndi kutaya mtima kwa achinyamata amene avota mokhulupirika koma m'mbale mwawo simudasinthe kanthu.

Komabe tiyeni tione zimene makanemawo sakuonetsani. A Traoré adatenga boma mu September 2022, pangano lili lakuti ulamuliro ubwerera kwa anthu wamba pofika July 2024, koma mu May 2024 nthawiyo idawonjezeredwa ndi zaka zina zisanu. Wailesi zingapo zakunja zidaimitsidwa m'dzikomo, ndipo ena odzudzula boma adatengedwa mokakamiza kupita kunkhondo. Ku Mali boma la asilikali lidathetsa zipani zonse mu May 2025. Dziwaninso kuti ena mwa makanema otamanda mtsogoleri ameneyu adapezeka kuti ndi opangidwa pa kompyuta. Funso limene ndikupempha kuti mukafunsane pa siteji mawa m'mawa ndi ili: msilikali ameneyo akadzakukhumudwitsani, mudzamuchotsa ndi chiyani?

Ine ndidakulira m'nthawi imene funso lotere silinkafunsidwa. Ndikukumbuka ndili mwana, titafika pachipata cha msika ndi mayi anga atasenza dengu la tomato, anyamata a malaya ofiira adawaimitsa n'kuwafunsa khadi la chipani. Khadilo adali ataliiwala kunyumba, ndipo tidabwerera osagulitsa kanthu, mayi ali chete njira yonse, chifukwa ngakhale kung'ung'udza udali mlandu. Kuti zimenezi zithe padafunika kalata ya aepiskopi a Katolika imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 March 1992, padafunikanso riferendamu ya pa 14 June 1993, pamene anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse adasankha nyali ya matipate m'malo mwa tambala wakuda. Kuyambira pamenepo Amalawi achotsa pampando pulezidenti wolamula kanayi konse pogwiritsa ntchito voti: a Kamuzu Banda mu 1994, a Joyce Banda mu 2014, a Peter Mutharika mu 2020, ndi a Lazarus Chakwera mu 2025. Pa maulendo awiri omalizawo inu mudali pamzere. Ngakhale asilikali athu, pamene a Bingu wa Mutharika adamwalira mu April 2012 ndipo ena ankafuna kuzemba malamulo, adaima ndi malamulo oyendetsera dziko, a Joyce Banda n'kulumbiritsidwa pa 7 April. Sindikunena kuti voti yakudyetsani, achimwene, koma mphamvu yochotsa wolephera popanda kukhetsa magazi musaisinthanitse ndi kanema wa pa foni.

Kalata yachiwiri ikutifikitsa pa chifukwa chimene votiyo ikulephera kubala zipatso. Yachokera kwa mayi a ku Mitundu, ndipo akuti:

"Nthawi ya kampeni adabwera ndi magalimoto a zimkuzamawu, natigawira zitenje, shuga ndi ndalama zoti tikagule sopo. Ine ndidalandira, sindinama, chifukwa m'nyumba mudalibe kanthu. Adalonjeza kukonza mlatho umene ana athu amawolokapo popita kusukulu, koma mpaka lero matabwa ake ndi omwe aja ofumbwa, ndipo mvula ikagwa ana amakhala pakhomo. Foni ya munthu amene tidamusankha sayankha. Kodi lamulo loti timuchotse zaka zisanu zisanathe palibe?"

Mayi, ndakulemekezani chifukwa chovomera kuti mudalandira, ndipo sindingakuweruzeni, popeza njala siona kuti lero ndi tsiku la kampeni. Yankho la funso lanu ndi lowawa: lamulolo lidalipo, koma lidachotsedwa. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 adali ndi gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanakwane, koma aphungu eni ake adalifafaniza mu 1995, lisanagwire ntchito ndi kamodzi komwe. Nyumba ya Seneti, momwe mukadakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, nayo idachotsedwa m'malamulo mu 2001 isanakhazikitsidwe. Gawo 65, loletsa phungu kusamukira kuchipani china atasankhidwa kale, lilipobe, koma kwa zaka zambiri lakhala likugwira ntchito mwa apo ndi apo. Makhansala tidawasankha mu 2000, ndipo nthawi yawo itatha mu 2005 dziko lidakhala opanda khansala mpaka 2014. Mukaika zonsezi pamodzi muona kuti tidamanga bwino khomo lolowera pa tsiku la chisankho, koma njira zoti munthu wamba afunse mafunso m'kati mwa zaka zisanu zija tidazitseka imodzi ndi imodzi. Mpata umenewu ndi umene katangale amalowerapo, monga tidaonera mu 2013 pamene ndalama zankhaninkhani zidasololedwa ku Capital Hill pa nkhani ya Cashgate.

Zitenje ndi shuga zija ndi mbali ya vuto lomweli. Lamulo la zipani zandale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa ovota, koma mwadzionera nokha mmene likuphwanyidwira dzuwa likuswa mtengo. Munthu amene wawononga chuma chake kuti apambane amaona ngati adalipira kale, ndipo akafika ku Nyumba ya Malamulo ku City Centre maganizo ake oyamba amakhala obweza zimene adataya. Ovota nawonso timayamba kuyesa phungu ndi mabokosi a maliro amene wagula, osati ndi mmene wafunsira nduna za mankhwala a m'chipatala kapena mtengo wa feteleza.

Komabe simuli manja lende. Pali ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu, zija timati CDF, zimene zimadzera ku khonsolo, ndipo si mphatso ya munthu koma msonkho wanu. Pali lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za m'maofesi a boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu September 2020, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission ndilo limayang'anira kuti litsatidwe. Kambiranani ndi amayi anzanu, ndi a komiti ya sukulu, ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) pamodzi ndi amfumu, mulembe kalata yofunsa khonsolo ngati mlathowo uli pa ndondomeko ya chitukuko ndiponso kuti ndalama za dera lanu zagwira ntchito yanji. Sainani anthu ambiri, sungani kope, ndipo lembani tsiku limene mwaipereka. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo kalata ya anthu makumi asanu ndi yovuta kuiponya m'dirowa kusiyana ndi foni ya munthu mmodzi.

Kalata yomaliza ndi ya agogo a ku Kawale, mphunzitsi wopuma pantchito. Iwo alemba mwachidule:

"Mwanawe, tidavotera nyali tikuyang'ana ku America ngati chitsanzo, koma kumeneko nakonso tidaona anthu akuthyola nyumba ya malamulo. Adzukulu anga amandimvetsa mauthenga a mawu a pa WhatsApp onyoza mitundu ya anzathu, osadziwika kuti wayankhula ndani. Kodi chinthu chimene tidachimenyera chikufa ife tikuona?"

Agogo, nkhawa yanu ili ndi maziko. Pa 6 January 2021 khamu la anthu okana zotsatira za chisankho lidalowa mwachiwawa m'nyumba ya Capitol ku Washington, ndipo zofanana nazo zidachitika ku Brasília pa 8 January 2023. Pafupi nafe pano, anthu ambiri adafa pa ziwawa zotsatira chisankho ku Mozambique mu 2024 ndi ku Tanzania mu October 2025, komwe intaneti idatsekedwanso. Atsogoleri ambiri masiku ano sathetsa chisankho, koma amachisiya chilipo kwinaku akufooketsa makhoti, atolankhani ndi otsutsa boma, mpaka voti imasanduka mwambo chabe. Bodza nalo layamba kuyenda mofulumira, ndipo makina a AI akutha kutengera mawu a munthu n'kumuyankhulitsa zimene sadanene. Adzukulu anuwo muziwafunsa, monga munkafunsira ana m'kalasi, kuti uthengawo wachokera kwa yani ndipo wailesi kapena nyuzipepala iti yaunena, asanautumize kwa wina.

Koma ine sindikuona maliro, agogo. Mu 2024 momwemo chipani chimene chidalamula Botswana kwa zaka 58 chidagonja n'kupereka boma mwamtendere kwa a Duma Boko, ku Senegal a Bassirou Diomaye Faye adapambana patangopita masiku ochepa atatuluka m'ndende, ndipo ku Ghana otsutsa adapambana chisankho. Ndikhulupirira kuti mukukumbukanso tsiku la 3 February 2020, pamene mzinda uno udakhala zii, masitolo ambiri ali otseka, anthu ataunjikana pa wailesi kuyambira m'mawa mpaka usiku, kumvetsera oweruza asanu akuwerenga chigamulo chothetsa chisankho cha tipeksi cha 2019. Dziko lathu lidakhala lachiwiri mu Africa kuchita zimenezi, pambuyo pa Kenya mu 2017. Chigamulocho chidatipatsanso 50+1, kutanthauza kuti wopambana upulezidenti ayenera kupeza mavoti oposa theka, moti munthu sangalowenso ku State House ndi mavoti 36 pa 100 alionse monga zidachitikira mu 2014, koma ayenera kukapempha mavoti kunja kwa chigawo cha kwawo. Amene amatumiza mauthenga onyoza mitundu ya anzawo akulimbana ndi masamu amenewa, ndipo masamuwo sawakomera.

Nthawi yathu yatha, omvera. Sabata yamawa tidzakambirana za gawo 64 lija, ndipo ndikupempha aphungu, akale ndi atsopano omwe, kuti nawonso atilembere maganizo awo pa kubwezeretsedwa kwake. Mayi a ku Mitundu, mukapereka kalata ija ku khonsolo mudzatiuze tsiku lake ndi yankho limene mwalandira, ndipo tidzaliwerenga pa pologalamu ino.