Injini ya buggy imakhalira mpweya

Zikomo bambo tcheyamani. Amayi, abambo, achimwene ndi achemwali, ndakulonjerani nonse. Nthawi mwandipatsayi ndi yochepa, ndiye ndingolowa m'nkhani.

Ambiri a inu mumagwira ntchito m'mapuloti a ku Muldersdrift, ku Lanseria ndi ku Walkerville, ndipo mwaonako tigalimoto topanda denga, tamatayala onenepa kumbuyo, timene eni ake amati buggy. Anyamata ena muli pano mukuphunzira umakaniko m'magalaja a ku Booysens. Tigalimoto timeneti tikafika ku galaja tili pa ngolo, anthu amathamangira kugula koyilo, batire, kabureta yatsopano. Ndalama zimapita, vuto lili pompo. Ine ndikuti yambani mwafunsa za mpweya: woziziritsa injini, wolowa m'kabureta, ndiponso mpweya wa kuno ku Joni umene ndi wosiyana ndi wa kunyanja.

Buggy zambiri za kuno, mukasuzumira kumbuyo, mupeza injini ya Volkswagen Beetle. Amene anatchukitsa zoika thupi la fibreglass (pulasitiki wolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi) pa Beetle yofupikitsa ndi Bruce Meyers wa ku California mu 1964, ndipo kuno zinafala chifukwa Beetle inkapangidwa m'dziko lomwe lino la South Africa, ku Uitenhage, kuyambira 1951 mpaka 1979. Injini imeneyi ilibe redieta, ilibe madzi. Chimene chimaiziziritsa ndi fani imodzi yomwe imakankha mphepo kudutsa pa masilinda, ndiponso oyilo wokwana malita 2.5 basi.

Fani ija imazungulira pa lamba yemweyo amene amazunguza jenereta kapena alternator. Mvetsani bwino apa. Pa galimoto ina nyale ya chaji ikayaka, munthu amati ndikafike kaye kunyumba. Pa buggy ayi. Nyale imeneyo ikayaka, zimitsani pomwepo mukaone lamba, chifukwa akaduka ndiye kuti fani yaima, ndipo injini imapsa m'mphindi zochepa. Lamba wabwino mukamudina ndi chala pakati amalowa mamilimita 10 kapena 15. Amamangidwa pochotsa kapena kuonjezera mawashala amene ali pakati pa pule ya pamwamba. Musayende opanda lamba wina wapadera.

Ndiye pali nkhani imene imandipweteka mtima, ya malata. Injini iyi inapangidwa itakutidwa ndi timalata takuda pamwamba, m'mbali ndi pansi pa masilinda. Eni buggy amatichotsa kuti injini izioneka, izinyezimira. Koma malata aja ndi amene amalondolera mphepo. Zili ngati ngalande ya kudimba: mukagumula m'mbali, madzi amathawira kwina, mbewu za kumapeto zimauma. Mukalandira buggy yotentha, werengani malata onse, makamaka tating'ono ta pansi pa masilinda, ndi timphira totseka pamene mawaya a mapulagi amalowera. Kenako yang'anani zipsepse za masilinda. Oyilo akamadontha n'kukumana ndi mchenga amapanga chimatope cholimba chimene chimatseka mipata yonse. Chimenecho palani, tsukani, ndipo pezani pamene oyilo akutulukira. Njira yapafupi yodziwira kutentha ndi kusolola dipstick, kachitsulo koyezera oyilo: ikakhala yosagwirika ndi zala, injini yadutsa malire.

Kutentha kumayambira kupha silinda nambala 3. Pa injini zakale choziziritsa oyilo chinaima panjira ya mphepo yopita ku silinda imeneyi, moti imalandira mphepo yofunda kale. Volkswagen inakonza zimenezi cha mu 1971 pochisunthira kunja kwa njira ya mphepo, koma injini zakale zikadalipo zambiri. Valavu ya ekizozi ikatentha imatalika, mpata wake umatha, imaleka kukhala bwino pampando pake, kenako imapsa kapena kuduka mutu n'kugwera pa pisitoni. N'chifukwa chake mpata wa mavalavu, mamilimita 0.15, umayezedwa injini itagona usiku wonse, ili yozizira. Injini yomveka tiki tiki pang'ono isakuopseni. Yoopsa ndi imene mavalavu ake angoti zii. Mukapeza valavu imodzi ikuthina nthawi iliyonse mukayeza, muuzeni mwini wake kuti mutu wa injini utsike isanafike ngozi.

Tsopano mpweya wolowa m'kabureta. Buggy imayenda mu fumbi limene matayala ake omwe akutukula, ndipo injini ili kumbuyo komweko. Nonse mukulidziwa fumbi lachikasu la m'milu ya migodi limene limauluka mwezi wa Ogasiti. Fumbi lotero likadutsa fyuluta limakwecha maring'i ndi masilinda. Zizindikiro zake ndi utsi wabuluu, oyilo kutha msanga, ndi mphamvu kuchepa pa chitunda. Chotsani fyuluta, pisani chala kukhosi kwa kabureta. Mukamva mchenga, ndiye kuti wina wadutsa kale. Komanso injini iyi inabadwa yopanda fyuluta ya oyilo, ili ndi kasefa kawaya pansi basi. Pa msewu wa phula oyilo amasinthidwa pa makilomita 5,000, koma ya mu mchenga musadikire kufika pamenepo.

Achimwene kumbuyoko mukufunsa za buggy imene abwana anu anagula ku Durban, kuti ifike kuno yangofooka, mapulagi akuda bii. Eya, imeneyo siinafe ayi. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, ndipo injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu zake. Galimoto zamakono zili ndi kompyuta imene imachepetsa yokha petulo. Kabureta ya Solex ya pa Beetle sidziwa kuti yakwera phiri, imathirabe petulo wa ku Durban mu mpweya wochepa. Mankhwala ake ndi kusintha jeti yaikulu (kachitsulo ka bowo kodutsa petulo m'kabureta) n'kuika ya bowo locheperako pang'ono, ndi kukonzanso idling, kaliridwe ka injini galimoto itaima. Koma chonde, kumbukirani kubwerera kwake. Kuyambira 2001 boma linaletsa kuyendetsa galimoto zosangalalira m'magombe a nyanja, ndiye eni buggy amazikokera ku milu ya mchenga ya ku Atlantis kufupi ndi Cape Town, ena ku Mozambique. Buggy yokonzedwera kuno ikatsikira kumeneko, mpweya umachuluka, petulo amachepa, injini imatentha kwambiri mpaka kuboola pisitoni. Jeti yakale ija musataye. Ikulungeni, mumupatse mwini wake, mumuuze chifukwa chake.

Ikakana kulira, musathe batire. Solola waya wapakati pa distributor, chogawira moto ku mapulagi, ugwire ndi pulayala yokutidwa pafupi ndi chitsulo, mnzako aguse kiyi. Moto wabuluu ukathetheka, magetsi ali bwino. Ukasowa, tsegulani chivundikiro muone mapointi, mpata wake ndi mamilimita 0.4, ndipo mchenga umadya kachidendene kake mpaka atsekeke. Mawaya a mapulagi amatsatana 1, 4, 3, 2. Kenako suzumirani m'kabureta, injini ili yozima, mukoke waya wa mafuta: muyenera kuona petulo akufwamphuka. Ikamalira koma n'kuzima mukachotsa phazi, onani kawaya ka solenoid (kavalavu ka magetsi) ya pambali pa kabureta, kamagwedezeka n'kuthothoka m'mabampu.

Chotsiriza ndi moto, ndipo amayi amene mumatchetcha kapena kuchapa pafupi ndi magalaja a m'mapuloti, ichi n'chanunso. Kapaipi ka mkuwa kolowetsa petulo mu kabureta kanangokhomeredwa, kalibe mazinga. Kakakalamba kamasololoka, pampu n'kumapopera petulo pa distributor ndi pa ekizozi yotentha. Thupi la fibreglass likagwira moto silizimitsika msanga. Amakaniko, kagwedezeni ndi dzanja kapaipi kameneka pa buggy iliyonse yobwera kwa inu, kamangeni ndi waya, sinthani mapaipi ang'aluka, ndipo kafyuluta ka pulasitiki musakapachike pamwamba pa injini. Wina aliyense akamva fungo la petulo pa buggy yoima, asalole mwana kukweramo mpaka makaniko aione.

Bambo tcheyamani, ndabweretsa mutu wa injini wa valavu yopsa, uli pa tebulo apo. Amene akufuna kuugwira ndi kuphunzira kuyeza mpata ndi feeler gauge, tizitsulo topyapyala toyezera, abwere tikatha pemphero.