Makalata a omvera: pachipata cha malire pakhale msika ndi mthunzi

Tiyambe ndi kalata ya mayi wina wa ku Rosettenville ku Joni, kwawo ku Ntcheu. Akuti: "Achimwene, pa Khirisimasi ndinakwera basi pa Park Station kupita kumudzi. Pachipata china m'njiramo tinachezera usiku wonse, mwana ali kumsana, zikwama zili mbwee pansi, pokhala palibe. Ndinakumbuka ku Lizulu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire. Umangodutsa msewu, wafika ku Mozambique, wagula kachewere ndi kabichi, nkubwerera. Bwanji zipata zathu osazimanga chomwecho, kuti pakhale pamsika pa anthu a mayiko awiri?"

Zikomo mayi, pepani ndi ulendowo. Zina zayambika ndithu. Pa Mwami, pakati pa Mchinji ndi Chipata, a Chakwera ndi a Hichilema adatsegula chipata chimodzi cha mayiko awiri mu 2022, moti munthu amaima kamodzi kokha, a Malawi ndi a Zambia nkumuthandizira pamalo amodzi. Pa Kazungula napo, pakati pa Zambia ndi Botswana, mlatho wa pa Zambezi udatsegulidwa mu 2021 ndi dongosolo lomwelo. Koma ine ndikaona, omanga malo otere amaganiza kwambiri za mathiraki. Mayi wosenza dengu la tomato, wa kabaza, wosintha makwacha, amenewa amatsala kunja kwa mpanda, padzuwa, pomwe ndi iwo amene amakhalapo tsiku lonse. Mukanandifunsa ine, ndikanayamba ndi shedi ya msika, mpopi wa madzi, zimbudzi zosamalika ndi magetsi oyaka usiku, zonse zogwiritsidwa ntchito ndi a mbali ziwirizo. Paja Angoni a ku Ntcheu ndi a ku Angónia ndi pachibale, maliro amalira limodzi.

Bambo wina wa ku Tembisa akutsutsa: "Mukamasula malire, mwaitana mbava ndi ozembetsa katundu."

Bambo, nkhawa yanu ndaimva, ndipo palibe akunena zothetsa mapasipoti. Koma tikudziwa tonse kuti abale athu amavulazidwa ndi zigawenga zotchedwa maguma-guma m'tchire la mu Limpopo usiku, kutali ndi pamlatho pa Beitbridge pamene pali kuwala ndi maso a anthu. Komanso chaka chilichonse mu August Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakumana ku Mkaika, ku Zambia, pa mwambo wa Kulamba, kwa Kalonga Gawa Undi, nabwerera kwawo bwinobwino.

Mayi a ku Rosettenville, nyimbo ikubwerayi ndi yanu ndi mwanayo.