Kuyeza mmene kapinga wa pulasitiki amagwirira jombo

Anzathu osamalira mabwalo, tcherani khutu, makamaka inu amene muli ndi kapinga wa pulasitiki ngati wa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre. Kapinga akhoza kuoneka bwinobwino koma akuthyola mawondo a osewera. Maso okha sangakuuzeni, pamafunika kuyeza.

Chipangizo chake ndi chimbale chachitsulo, mamilimita 150 m'mimba mwake, chokhala ndi mano 6 ngati a pansi pa jombo. Pamwamba pali ndodo ndi zitsulo zolemetsa, zonse pamodzi makilogalamu 46, ndiye kumutu kwake kuli sipanala yoyezera mphamvu yopotokola, ija amati torque wrench.

Poyamba chotsani zinyalala ndi tilabala tonse (tizidutswa ta labala timene amathira m'kapinga) tokakamira m'manomo. Kwezani chimbalecho mamilimita 60, muchisiye chigwe chokha kuti mano alowe. Bwezani singano ya pa sipanala pa ziro. Tsopano potokolani pang'onopang'ono, osadukiza, mpaka mwadutsa madigiri 45. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatsamira pa sipanala. Mukatero mwawonjezera kulemera kwa thupi lanu, nambala ikwera yabodza. Mukachita motsomphola, chimodzimodzi. Manja angozunguza basi, osakanikiza.

Lembani nambala yapamwamba imene singano yafika. Chitani kasanu, nthawi iliyonse pamalo atsopano oyandikana, chifukwa pamene mano alowa kale pasokonezeka. Phatikizani manambala asanuwo, mugawe ndi 5. Musangoyeza m'mbali momwe muli kapinga wabwino ayi. Pitani pagolo, pakati pa bwalo, pomwe pamapondedwa tsiku ndi tsiku.

Pa miyezo imene FIFA inaika ya kapinga wa pulasitiki, wa FIFA Quality umafuna pakati pa 25 ndi 50 Nm (newton metre, muyezo wa mphamvu yopotokola), pomwe wapamwamba, wa FIFA Quality Pro, ndi 30 mpaka 45. Nambala ikatsika, wosewera amaterereka pokhota. Koma ine yondiopsa kwambiri ndi yokwera: phazi limakanirira pansi thupi likutembenuka, ndiye chimene chimagonja ndi mtsempha wa bondo kapena kakolo.

Kawirikawiri kukwerako kumabwera mchenga ndi labala zikagangatika n'kuuma gwa, fumbi litadzaza m'mipata. Dutsitsani makina ofukula ndi burashi, mosinthasintha kolowera. Pamene labala wachepa onjezerani, wa mtundu womwewo umene anaika omanga bwalo. Mukatha, yezaninso malo omwewo, ndipo m'kaundula mulembe tsiku komanso ngati bwalo linali lonyowa kapena louma.