Sayizi 12 ya Ndani? Kugula Zovala za Chisanu mu Harare

[Pa Copacabana, 6 koloko m'mawa. Anthu akutsika m'makombi, manja ali m'matumba.]

Mwadzuka bwanji amayi, azakhali ndi achemwali nonse a ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa mpaka ku Epworth? Juni wafika, zala zayamba kale kuuma. Lero tikambirane za zovala za chisanu, komanso chifukwa chake thalauza lolembedwa sayizi yanu limakana kudutsa m'ntchafu.

Tiyambe ndi kuzizira kwenikweniko. Harare ali pamalo okwera mamita pafupifupi 1,500. Mu Juni ndi Julaye mvula kulibe, kumwamba kumakhala mbee, ndiye dzuwa likangolowa kutentha konse kumathawa. M'bandakucha kumafika madigiri 7 kapena kutsikirapo, koma masana kumapitirira 20. Mumachoka pakhomo mukunjenjemera, ikamakwana 11 koloko thukuta lili kamukamu.

Tsono taonani chikhothi ichi.

[Akunyamula chikhothi chachitali, cholemera, chaubweya m'khosi.]

N'chokongola, sindikana. Koma anachisokera munthu wa ku London kapena Toronto, kumene kumazizira tsiku lonse. Kuno muchivala maola awiri, kenako muzingoyenda nacho pamkono mu First Street monse. Ine ndimati bola zovala zitatu zopepuka: kamalaya ka thonje ka manja aatali m'kati, juzi pamwamba, kenako jekete yoti mutha kuipinda n'kuiponya m'chikwama. Kukatentha mumavula chimodzichimodzi. Ndipo chitenje musachiderere. Chomwecho chimakhala sikafu m'mawa, n'kukufunditsani miyendo m'kombi madzulo.

Nanga zovalazi zikuchokera kuti? Apa ndi pamene pagona nkhani. Mu Edgars ndi Jet muli zatsopano, zina zosokedwa konkuno, poti Edgars ili ndi fakitale yake ya Carousel ku Bulawayo. M'timashopu ta ku Gulf Complex ndi m'misewu ya kumunsi kwa tauni mwadzaza katundu wochokera ku China, South Africa ndi Tanzania. Ndiye pali kaunjika wa ku msika wa Mupedzanhamo ku Mbare, mabhero aja, amene anayamba wavalidwa ku Ulaya ndi ku America. Mu 2015 boma linaletsa kulowetsa kaunjika pofuna kuteteza mafakitale a nsalu, koma mabelo sanasiye kubwera, ambiri kudzera ku Mozambique, njira ya ku Mutare.

Mayiko onsewa aliyense amawerenga thupi la mkazi mwa njira yake.

[Madiresi anayi atayalidwa pabedi. Kamera ikuyandikira tizikwangwani ta m'khosi.]

Iyi yalembedwa 12, ndi ya ku Britain. Iyi 36, ya ku South Africa. Iyi 40, ya ku Ulaya. Iyi 8, ya ku America. Kunena zoona, anayi onsewa ndi a munthu mmodzi, amangosiyana pang'ono. Nanga ya ku China ija yolembedwa XL? Kawirikawiri imakhala yaing'ono kuposa XL ya ku America. Ngakhale dziko limodzi lomwelo, 12 ya kampani iyi siifanana ndi 12 ya kampani ina, ndipo makampani ambiri akhala akukulitsa zovala nambala osaisintha, kuti wogula azidzimva wochepa thupi. Ndiye 12 ya siketi yakale ya m'belo ndi yothina kuposa 12 ya chaka chino.

Mtsikana amalowa m'kachipinda koyezera zovala ali wosangalala, n'kutulukamo nkhope ili gwa, akuti ndanenepa. Ayi achemwali, mwina diresiyo yangochokera ku Guangzhou, ku China.

Pali chinanso. Mathalauza ambiri a m'mashopu amadulidwa poganizira thupi limene m'chiuno ndi mbina sizisiyana kwambiri. Ambiri a ife sitili choncho. Ukasankha lokwana mbina, kumbuyo kwa chiuno kumatsala mpata wolowa chibakera. Ukasankha lokwana m'chiuno, zipi imathera panjira.

Ndipo atsikana athu akukokedwa mbali ziwiri. Kunyumba azakhali akuti waonda, kodi ukudwala? Pa Instagram akufuna mimba yaphwa koma kumbuyo kodzaza. Mpake ena akuthamangira mapiritsi onenepetsa ogulitsidwa m'misewu, aja a Apetito. M'mapiritsimo muli mankhwala otchedwa cyproheptadine, amene ntchito yake yeniyeni ndi ya ziwengo. Amapatsa njala, inde, komanso amagonetsa tulo, ndipo sasankha kuti mafuta apite kumbuyo kokha. Kumwa zimenezo popanda dokotala chifukwa cha jinzi, ine ndiye ayi.

[Ku Mupedzanhamo. Mayi akutola juzi pamulu.]

Tiyeni tigule. Juzi iyi, choyamba werengani kachikwangwani ka m'mbali. Ya ubweya wa nkhosa imafunda ngakhale ili yopyapyala, pamene ya acrylic, ulusi wosakhala wachilengedwe, sichedwa kuyamba timibulu. Itambasuleni moyang'ana dzuwa, timabowo ta njenjete tioneka pompo. Onani m'khwapa, kokani m'mikono muone ngati ikubwerera. Jekete, yendetsani zipi kawiri musanatulutse dola yanu. Mukafika kunyumba chapani kaye, juzi yaubweya m'madzi ozizira, n'kuiyanika chogoneka kuti isatalike.

Njira ija yoyezera thalauza pozunguliza chiuno chake pakhosi tonse timaidziwa. Imathandizako, koma imangokuuzani za m'chiuno, za mbina siidziwa. Gulani tepi ya atelala. Dziyezeni pachifuwa, m'chiuno ndi pamene pali potakata kwambiri, mulembe masentimitawo mufoni. Pamsika yalani chovalacho, yezani kuchoka mbali ina kufika ina, n'kuchulukitsa kawiri.

Mukapeza lokwana mbina koma lotaya m'chiuno, tengani lomwelo mupite nalo kwa telala. Kuchepetsa n'kosavuta, amangopinda timizere tiwiri kumbuyo, pamene kukulitsa kumafuna nsalu imene palibe. Pitani mutavala juzi ndi nsapato zimene muzidzavalira limodzi, kuti akuyezeni momwe muzidzayendera. Ndipo pitani msanga, chifukwa sabata ya ukwati kapena ya yunifolomu za sukulu, katundu wanu agona pansi pa mulu.