Chakudya chikayamba kuima pakhosi musadikire

Zikomo a tcheyamani, kumbuyoko mukundimva? Eya. Ine ndachokera ku bungwe lija lothandiza odwala khansa ya m'mimba ndi m'matumbo, ndipo chandibweretsa mukuchidziwa kale, ndi maliro a sabata yatha aja. Ndamva mukunong'onezana zoti malemu anawathira poizoni, ena mpaka mwasiya kudya kwa anzanu. Ayi ndithu. Akubanja andilola kuti ndinene, inali khansa ya kummero, njira imene chakudya chimadutsa popita m'mimba. Poyamba zolimba zokha ndi zimene zinkaima apa pachifuwa iwo nkumakankhira ndi madzi, kenako zofewa zomwe, mapeto ake ngakhale malovu ankalavulira mkachitini pambali pa bedi. Lamba anachita kuboola mabowo atatu atsopano koma kuchipatala ayi, amvekere ndi chilungulira chabe chisiya.

Ndiye gwirani mawu awa, chakudya chikayamba kuima pakhosi musadikire. Mukaona magazi m'chimbudzi kapena chimbudzi chakuda ngati phula, mukuonda osadziwa chifukwa, mwangodya pang'ono mwakhuta kale, musadikire. Makamaka azibambo inu, mumapita kukakodza kokha mumayang'ana koma chimbudzi chanu simuchicheukira, mukaona magazi mumati ndi mudzi basi nkungokhala chete. Nthawi zina ndi mudzidi koma anene ndi dokotala. Khansa ya m'matumbo akulu imayamba ngati kanjerewere mkatimo, kamatha kukhala zaka pafupifupi 10 kasanasanduke khansa, ndipo akakapeza ndi kachubu ka kamera kolowetsa m'matumbo amakadula pompo. Musamatinso ndi ya okalamba okha, Chadwick Boseman wamafilimu uja anapita nayo mu 2020 ali ndi zaka 43.

(Bambo wina: Nanga ndalama mumasonkhetsazi, mukuti zina ndi za kafukufuku, kafukufukuyo watichitira chani ife?)

Mwafunsa bwino bambo, musakhale pansi mokwiya. Kale madokotala ankati zilonda za m'mimba zimabwera ndi maganizo komanso asidi basi. Mu 1982 ku Perth, Australia, madokotala awiri Barry Marshall ndi Robin Warren anati ayi, muli kachilombo, Helicobacter pylori. Anzawo anawakayikira, akuti kachilombo kanji kangakhale moyo mu asidi. Marshall uja kupsa mtima, mu 1984 anatenga tizilomboto nkumwa yekha, pasanathe masiku ambiri uyo wayamba kusanza, m'mimba mwatupa. Mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inalengeza kuti kachilombo komweka kamayambitsa khansa ya m'mimba, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Lero mukayezetsa nkukapeza mumamwa mankhwala pafupifupi masabata awiri kamafa. Ndi kafukufuku ameneyo bambo, ndipo sayenda ulere, makina ndi anthu oyeza amafuna ndalama. Koma sindikunamizani, zambiri zathu zimathera kwa odwala, thiransipoti yopitira kukaunikidwa, kuphunzitsa anamwino, ndi kapaipi ka waya kamene amalowetsa kummero kukatsekeka. Kameneko sikachiza ayi, koma ndinaonapo mayi wina atameza madzi koyamba patapita masabata, anagwira kapu ndi manja awiri nkuyamba kulira. Morphine nayenso musamamuope ngati ndi wotsanzikira, ndi wothetsa ululu kuti munthu agone tulo. Mabuku a ndalama alipo, mudzabwere mudzawerenge nokha.

Ndaona ena mwayamba kuyasamula, ndithamange. Fodya siyani, mowa chepetsani, ziwirizi zikaphatikizana kummero kumapsa. Zakumwa zamoto dikirani zipole, mu 2016 anthu a WHO omwe aja anachenjeza za chakumwa chotentha kupyola madigiri 65, inu mumachita kupemerera muli kumeza. Chakudya chochita chuku tayani chimaononga chiwindi, ana abayitseni katemera wa hepatitis B, matenda a chiwindi, ngati kubanja kwanu wina anadwalapo khansa ya m'matumbo mumuuze dokotala asanakufunseni. Ndipo chija ndanena, chikaima pakhosi, magazi m'chimbudzi, musadikire.

Amene mukufuna tikuperekezeni kukayezetsa lembetsani kwa mayi ali ndi kope apowa, amanyazi mundipeza panja ndikhalapo kanthawi.