Padi yakale ya PlayStation 2 pa laputopu ya lero

Moni nonse, takulandirani. Ndagwirayi ndi DualShock 2, padi ya PlayStation 2 imene inatuluka mu 2000. Mabatani ake onse akadali amoyo. Vuto lili apa, pa pulagi yotakatayi. Fufuzani laputopu yanu mbali zonse, bowo lolowetsamo chimenechi simulipeza.

Nchifukwa chake pali kabokosi aka, kotchedwa adaputa. Mbali iyi mumalowetsa padi, mbali inayo kali ndi chingwe cha USB. Ambiri amaganiza kuti mkatimu muli mawaya okhaokha, koma ayi, muli kachipu. Kachipuko kamafunsa padi mobwerezabwereza kuti batani lodinidwa ndi liti, kenako nkuuza kompyuta m'chinenero chotchedwa USB HID, chomwe kiyibodi ndi mausi zimayankhulanso. Kali ngati womasulira ulaliki kutchalitchi: akakhala wochedwa kapena wodumpha mawu, mpingo umamva zoperewera ngakhale mlaliki alalike bwino chotani.

Si mapadi onse amene amafuna kachipu. Padi ya Xbox yoyambirira, ya mu 2001, mkati mwake ndi USB kale, Microsoft anangosintha maonekedwe a pulagi. Adaputa yake ndi chingwe basi. Linux imaizindikira yokha, pomwe Windows imafuna muyikemo driver, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuzindikira padiyo.

Apa mvetserani bwino, chifukwa mpamene zinthu zimapsa. Pulagi ikakwana pabowo sizitanthauza kuti ndi pake. Padi ya Sega Mega Drive ili ndi pulagi ya mabowo 9, ndipo imalowa ndithu pa serial port ya makompyuta akale aja a m'maofesi. Musayerekeze! Padiyo imayendera mavoti 5, pomwe serial port imatha kutulutsa mpaka 12. Ngakhale Atari ndi Sega, omwe pulagi yawo ndi yofanana, magetsi anawadutsitsa posiyana: Atari pa pini 7, Sega pa pini 5. Pogula adaputa, onetsetsani kuti dzina la makina anu lalembedwapo.

Tiyeni tilumikize. Musathamangire kutsegula gemu. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani joy.cpl, kenako Enter. Dzina la adaputa likaoneka, lowani pa Properties ndipo yesani batani lililonse. Timitengo tiwiriti tikapanda kuyenda, dinani batani la Analog lili pakatili mpaka kanyale kofiira kayake. Anthu ambiri amabweza adaputa yabwinobwino kwa wogulitsa chifukwa cha kabatani kameneka.

Ndiye zitha kuchitika kuti Windows yaiona padi, koma gemu ili phee, siyikumva kanthu. Sikuti adaputa yafa. Ma adaputa otchipa amagwiritsa ntchito njira yakale ya DirectInput, pomwe magemu ambiri a masiku ano amayembekezera XInput, imene inabwera ndi Xbox 360 mu 2005. Njira yachidule ndi Steam, pulogalamu yogulira ndi kusewerera magemu pa kompyuta: yatsani chithandizo cha mapadi mu Settings, iyo idzayendetsa zonse. Ngati gemu yanu si ya pa Steam, mutha kuiwonjezera pamndandanda wa Steam pomwepo, kapena kugwiritsa ntchito kapulogalamu ka x360ce, kamene kamanamiza gemu kuti mwagwira padi ya Xbox. Mabatani akasokonekera, X nkumagwira ntchito ya thirayango, muwakonzere momwemo.

Pali zina zomwe zimatayika panjira. Mabatani a DualShock 2 amadziwa ngati mwadina pang'ono kapena mwamphamvu, koma ma adaputa wamba amangonena kuti ladinidwa kapena ayi. Kunjenjemera nako kumafooka kapena kusowa, poti PlayStation inkapatsa timamota ta mkatimu mavoti oposa 7, pomwe USB imapereka 5.

Nanga kuchedwa? Gemu yoyenda mafelemu 60 pa sekondi imasintha chithunzi pa mamilisekondi pafupifupi 17 alionse. Adaputa imene kompyuta imaifunsa maulendo 125 pa sekondi imatha kuwonjezera mamilisekondi 8, pomwe ya maulendo 1,000 imangowonjezera imodzi. Pa gemu ya mpira, kunena zoona, ine sindiona chifukwa cholipirira zambiri, yotchipayo ikukwanirani. Koma ngati ndinu a Tekken kapena Street Fighter, komwe felemu imodzi imakuluzitsani, sakani ma adaputa othamanga ngati a kampani ya Raphnet.

Ndipo ngati mulibe padi yakale m'nyumba, musavutike kugula padi ndi adaputa yomwe. Padi yatsopano ya USB ikuchitirani ntchito popanda zonsezi. Adaputa ndi ya inu amene muli kale ndi padi yeniyeni ya Sony, yomwe zala zanu zinaizolowera. Ndiuzeni padi imene muli nayo ndi gemu imene ikukana, tidzayese pamodzi mu vidiyo yotsatira.