Nambala yofiira ya 18 pa magemu: zimene tinakambirana makolo titaweruka ku tchalitchi ku Leicester

Zikomo a tcheyamani. Amayi ndi abambo, makolo anzanga, ndikudziwa kuti ena mwachokera ku shifiti ya usiku ndipo maso akulemera, ena mukukalowa masana ano, ndiye sinditalikitsa. Ana atuluka onse? Achemwali muli kukhomoko, chonde tsekani chitseko, chifukwa zina zimene nditchule pano si za makutu a ana.

Nkhani ija yazungulira pa gulu lathu la WhatsApp ambiri mwaimva, koma mwaimva mbali imodzi. Mayi a mwanayo si a mumpingo uno, ndipo anandilola kuti ndiifotokoze bwinobwino, dzina lokha ayi. Ndi mnyamata wa zaka 10. Pa Khirisimasi amalume ake anamugulira gemu yakaunjika, yotsika mtengo, yoti azisewera pa ka Nintendo Switch kake. Amalumewo sanachite dala. Anaona pachikuto pali mwamuna wa tsitsi loyera ndi lupanga, n'kuti izi ndi nthano za zilombo, ana amazikonda. Mayi ake amagwira ntchito usiku kosamalira okalamba, masana amagona. Mwana ali phee kuchipinda, mahedifoni kumutu, osavutitsa munthu. Atatha masabata atatu anayamba kukana kuti azimitse getsi pogona. Pakati pa usiku kudzambatuka, thukuta lili kamukamu. Mayiwo ndi oyembekezera. Tsiku lina akuphika, mwana uja anaima pakhomo la khitchini n'kufunsa kuti, "Amayi, mwana akafera m'mimba amabweranso kudzayamwa magazi anu?"

Mayi aja anangosiya mthiko mumphika.

Gemuyo dzina lake ndi The Witcher 3. Inapangidwa ku Poland ndi kampani ya CD Projekt Red, inatuluka mu 2015. Pakona ya chikuto chake pali kabokosi kofiira, mkati mwake 18. Kanali pomwepo tsiku limene amalume anagula, kanali pomwepo masabata atatu onse aja. Mawu amene ndabwera nawo lero ndi amenewa, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: nambala imene ija sikunena za nzeru za mwana wanu, ikunena za zimene zili mkati.

Ndikutero chifukwa ine ndimathandizira aphunzitsi kusukulu ya pulayimale, ndipo ndamva makolo, athu ndi a kuno omwe, akunyadira kuti, "Wangayu ndi wochenjera, ali ndi zaka 9 koma amamaliza magemu a 18." Amaganiza kuti zili ngati buku la masamu, loti wa Sitandade 4 akatha la Sitandade 8 ndiye kuti mutu ukugwira. Ayi ndithu. Ilipo gemu ya 3 yovuta moti bambo wa ndevu amalephera, iliponso ya 18 yoti mwana wa zaka 7 atha kuiyendetsa. Amene amaika manambalawa kuno ku Ulaya ndi a PEGI, anayamba mu 2003, ndipo sayeza kuvuta kwa gemu. Amayang'ana magazi, zolaula, kutukwana, zoopsa. Manambala ake ndi asanu: 3 ndi 7 obiriwira, 12 ndi 16 achikasu chopsa ngati lalanje, 18 wofiira. Mukatembenuza kuseri muona tizithunzi. Chibakera ndiye ndewu ndi kuphana, kangaude ndiye zochititsa mantha, jakisoni ndiye mankhwala ozunguza bongo, tizizindikiro ta mwamuna ndi mkazi ndiye za kuchipinda. Akakutumizirani chimbale chochokera ku America simupeza nambala yofiira, mupeza chilembo M, kutanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo.

Ine sindinafune kubwera pano ndi zongomva. Ndinapita kwa mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 24 amene anaimaliza gemuyi, ndinati ndionetse pamene mwana uja anafika. Tinakhala pabalaza madzulo onse. Poyamba ndinagoma, kunena zoona. Dzuwa likulowa m'madambo, mphepo ikugwedeza udzu, kavalo akuyenda ngati weniweni. Chikomekome cha nkhuyu. Tisanapite patali tinafika pa mtengo waukulu, m'nthambi mwake muli mitembo ya anthu opachikidwa, ikulendewera. Kenako nkhani ya mkulu wina wa asilikali amene amamutchula kuti Bloody Baron, chidakwa, womenya mkazi wake. Mkaziyo anapita padera, bamboyo n'kukakwirira kamtemboko usiku popanda mwambo, popanda dzina. Kamwana kaja kamadzuka m'manda katasanduka chilombo, ndipo gemuyo imakuuza kuti zilombo za mtundu umenewu zimayamwa magazi a amayi oyembekezera. Amakuonetsa pafupi, nkhope yake, mchombo utakulunga thupi. Ndiye pa sikirini pamabwera funso: ukapha, kapena umuuza bamboyo akanyamule m'manja akapatse dzina?

Apa mpamene pagona nkhani, makolo anzanga. Magemu a mtundu uwu, amene ana amati RPG, sali ngati filimu yoti umangoonera. Iweyo ndiwe munthu wa m'nkhaniyo. Ukalankhula ndi iwe, ukasankha ndi iwe, lupanga lili m'manja mwako. Ndipo zimene wasankha zimakutsata. Malinga ndi mmene wasankhira kutsogolo kwa nkhaniyo, utha kubwerera kumudzi kwa Baron uja n'kumupeza atadzimangirira pamtengo. Munthu wamkulu amaika chosewerera pansi n'kusinkhasinkha, chifukwa nkhaniyo anailembera iyeyo. Mwana wa zaka 10 amapita kukagona akuti ndapha munthu ndine. Filimu imatha maola awiri. Iyi nkhani yake yokha imadya maola ngati 50, ukatsata zonse umapitirira 100. Ndi masabata mwana akukhala m'dziko limenelo yekhayekha, mahedifoni kumutu.

Kwathu khanda lopita padera amakaika amayi akuluakulu okha, mwakachetechete, mwana sayandikira n'komwe. Ife tomwe tinaleredwa choncho, lero tikugula ndi ndalama zathu zimene agogo athu ankatibisira, n'kukulunga m'pepala la mphatso. Sindikukalipa, koma tiyeni tivomereze. Mwana akakhala chete kuchipinda ife timathokoza Mulungu kuti tipumeko. Sitifunsa kuti chamukhazika chete n'chiyani.

Ndipo si gemu imodzi yokhayi. Skyrim, ya mu 2011, ya zinjoka ija imene ambiri muli nayo m'nyumba, ndi ya 18, ndipo mphindi zoyambirira zenizeni mkaidi amadulidwa mutu ndi nkhwangwa iwe ukuona. Baldur's Gate 3, ya mu 2023, ndi ya 18, muli umaliseche ndi zogonana zoti wosewerayo amachita kusankha yekha. Diablo IV ndi ya 18. Elden Ring ndi ya 16. Zonsezi pachikuto ndi malupanga, afiti, zinjoka, zooneka ngati nthano. Nambala ija sikunena za nzeru za mwana, ikunena za zimene zili mkati.

(Bambo wina akweza dzanja: "Pepani mayi, ndikuduleni. Ifetu tinakula agogo akutisimbira za afiti okwera lichero, za afisi, za zimphona zodya ana. Tinkazembanso kupita ku vidiyo sho kukaonera anthu akuthyolana makosi. Taonani tili pano, sitinapenge. Kodi sitikungoopa zachabe?")

Zikomo bambo, mwafunsa zimene ambiri akuganiza koma akuchita manyazi. Ndiyambe ndi kukuvomerezani. Sindikunena kuti mwana akasewera gemu imeneyi asanduka chigawenga. Sindikunenanso kuti magemuwa ndi a satana, monga ena analembera pa gulu paja. The Witcher 3 inapata mphoto ya gemu yopambana ya chaka cha 2015, Baldur's Gate 3 inapatanso ya 2023. Ndi ntchito ya luso, ndipo nkhani ya Baron ija ikudzudzula uchidakwa ndi nkhanza za m'banja, sikuziyamikira. Inuyo bambo mukafuna kaisewereni, mwina mukhetsa misozi ngati mmene anachitira mwana wa mchemwali wanga.

Koma takumbukirani mmene nthano zija zinkayendera. Munkakhala pamoto, abale anu ali pambali, agogo akati "padangokhala" nonse "tili tonse". Agogo aja ankakuyang'anani kumaso. Akaona kuti wamng'ono wayamba kunjenjemera ankafewetsa, ankaponyapo nyimbo, chimphona chija n'kugwera m'mbuna msanga. Chilombocho munkachijambula nokha m'mutu, kukula kwake kolingana ndi mtima wanu. Ndipo simunali inu wogwira mpeni. Gemu siyang'ana nkhope ya mwana. Mwana alire, asalire, iyo imapitirira momwe anaikonzera, ndipo anaikonzera munthu wa zaka 18.

Chinanso, agogo omwewo anali ndi nkhani zimene sankasimba pamoto. Za kuchinamwali ankadikira kuti mwana athe msinkhu. Za m'banja ankadikira tsiku la ukwati, anankungwi n'kukulowetsani m'nyumba. Sikuti zinali zoipa, koma chilichonse chinali ndi msinkhu wake. Ndiye kabokosi kofiira kaja musakaone ngati nzeru zachizungu zotiphunzitsa kulera. N'zomwe tinkachita kale kwathu.

Za vidiyo sho zija, bambo, inu ndi ine tikudziwa kuti tinkazemba chifukwa makolo ankaletsa. Ukagwidwa unkadziwa kuti walakwa, ndipo zimene waonazo unkadziwa kuti si za msinkhu wako. Mwana uja anachita kulandira m'manja mwa amalume ake. Ndiye atayamba kuopa anaganiza kuti vuto ndi iyeyo, kuti ndi wamantha, n'chifukwa chake anakhala nazo mumtima masabata atatu. Komanso ambiri a ife tinalota zoopsa titachoka ku vidiyo sho, kungoti unkadzuka uli pamphasa imodzi ndi abale ako anayi. Ana athu kuno amadzuka ali okha m'chipinda, mayi ali ku ntchito. Mwandimva bambo? Zikomo.

Wina anandifunsa panja kuti nanga boma silitetezako? Lamulo lilipo. Kuyambira mu 2012 kuno ku UK wogulitsa m'sitolo akagulitsa gemu ya 12, 16 kapena 18 kwa mwana wosafika zakazo, walakwira lamulo. Koma lamulolo limagwira wogulitsa. Silimuletsa malume kugula n'kukapereka kunyumba, ndipo magemu ambiri masiku ano sadzeranso m'sitolo, mwana amangotsitsa pa intaneti. Mlonda watsala ndi inuyo. Musanyengedwenso ndi makinawo. Ambiri timati Switch ndi ya ana, PlayStation ndiye ya akuluakulu. Skyrim ndi The Witcher 3 zonse zilipo pa Switch.

Ndikuona ena mwayamba kusuzumira mafoni, ndipo tiyi wafika kumbuyoko, ndiye ndithamange. Mukafika kunyumba lero tulutsani zimbale zonse, muyang'ane pakona. Zimene anatsitsa pa intaneti muuzeni akutsegulireni muone mayina, mukalemba dzinalo pa webusaiti ya PEGI ikuuzani nambala ndi chifukwa chake. Yofiira ichoke m'manja mwa mwana. Mwana akhale ndi akaunti yakeyake yolembedwa chaka chenicheni chimene anabadwa, asamalowere pa ya bambo ake kapena ya mkulu wake. PlayStation, Xbox, Switch, ngakhale Steam ya pakompyuta, zonse zili ndi poikira malire a magemu amene mwana angasewere ndi maola, za Xbox ndi Nintendo mumachita kuyendetsera pa foni yanu muli ku shifiti. Pasiwedi musamuuze, khadi la ku banki musalisiyemo. Makinawo akhale pabalaza, osati kuchipinda. Muonenso YouTube ndi Twitch, chifukwa gemu imene mwamuletsa atha kumaionera ena akusewera. Polanda musamumenye, musamunyoze, mufunseni zimene waona ndipo mumvetsere, mayi aja zinawatengera kukhala naye pansi kangapo kuti ayambenso kugona. Mumupatse ina m'malo mwake, zilipo za malupanga ndi zilombo zoyenera ana: Pokémon ndi Minecraft ndi za 7, Zelda: Breath of the Wild ndi ya 12. Ana akuluakulu m'nyumba muwauze asamasewere zawozo mng'ono wawo ali pambali. Amalume ndi azakhali, musanagule mphatso funsani mayi ake. Mwana akapita kukagona kwa mnzake, imbani foni mufunse zimene akasewere, palibe chamanyazi, mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Ndatsala pang'ono kuiwala. Inu amene mumatumiza katundu kumudzi, mukamalongedza PlayStation yakale ya kwa adzukulu ku Ndirande kapena ku Area 25, sankhani zimbalezo musanatseke katoni. Kumeneko ikakafika adzaunjikana ana a mdadada wonse, aang'ono ndi aakulu, ndipo palibe adzatembenuze chikuto. Nambala ija ikunena za zimene zili mkati, kuno ndi kumudzi komwe.

Amene mwabwera ndi Switch kapena muli ndi mafoni, mwana wa mchemwali wanga uja wakhala patebulo la pakona apo, akuthandizani kuika malirewo musanapite. Yambani inu a shifiti ya masana. A tcheyamani, ndabweza kwa inu.